Mbawala Yalowa Kumanda

06:48 Luckness: Tasha dzuka

06:48 Luckness: dzuka iwe ndili ndi nkhani ikundiotcha pakamwa

06:49 Luckness: ndalumbira kt sindiuza munthu koma iwe si munthu ndiwe msuweni wanga

06:57 Tasha: kkkk Ngokwe FM yatsegula. watenga mimba ndani

06:57 Luckness: iyayi za lero sizoseka

06:58 Luckness: alamu a Godfrey amuna a chemwali Rose ali ndi MFUTI

06:58 Tasha: bodza

06:58 Luckness: ndaiona ndi maso angawa. aombera nayo mbawala ine ndili pompo

06:59 Tasha: dikira kaye. yamba poyamba

07:02 Luckness: 🎤 mawu 1:14
Nde iwe, wamva kuti a Ambrose amwalira dzulo? Akatekisiti aja ankatitsina khutu tikaseka m'tchalitchi. Eya, mudzi wonse wagona pasiwa. Mmawa uno amayi andituma kudimba kwa alamu kuti ndikathyole kholowa wa ndiwo za pamaliro. Ndafika, ndawerama, ndangoona chinthu chofiirira chaima pamizere ya mbatata chikudya, nyanga zopotana, kutalika ngati mkono wangawu. Ndisanakuwe ndangomva pha! Osati phokoso lalikulu iyayi, ngati munthu wathyola bango. Chinyama chija chadumpha m'mwamba, chauwa ngati galu, Tasha, ngati galu weniweni, chathamanga mopendama mpaka kukalowa m'nkhalango ya kumanda. Ndikacheuka, alamu akudzuka kuseri kwa nthochi, kamfuti kali m'manja.

07:04 Tasha: eish!!! kumanda kwenikweni??

07:04 Luckness: komweko. paja dimba lawo lachita malire ndi manda

07:04 Tasha: nde anaitsatira?

07:05 Luckness: angalowe bwanji. kumanda sulowa wekha, akakupeza amati ndiwe mfiti. anangoima pamalire nkumayang'ana magazi pamasamba

07:05 Luckness: timagazi take tochepa ngati munthu wadzibaya ndi singano

07:06 Tasha: anakuona?

07:06 Luckness: anandigwira dzanja mpaka pano likuwawa. akuti ukangotsegula pakamwa pakopo ndikamangidwa, mfutiyi ilibe mapepala

07:07 Luckness: anasinthanitsa ndi sipika yawo ya ku Joni ija kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja ya Chiuta

07:07 Tasha: sipika imene ankalira kt yabedwa ija?? mpaka anakaikira ana a eni ake

07:07 Luckness: yomweyo mwali

07:08 Luckness: akuti mbawalayo yawathera mbatata. komanso amafuna abwere ndi nyama pamaliro anene kt agwira ndi agalu, anthu asiye kuwanena kt ku Joni anabwerako ndi jekete yokha

07:08 Luckness: asankha dala lero poti anthu onse ali pa nyimbo pasiwa, palibe akanamva

07:09 Tasha: a Rose akudziwa?

07:10 Luckness: andikokera kuseri kwa bafa akulira. mimba ija yakula heavy, ndi mwezi wamawa. akuti Lucky ngati umandikonda, kamodzi kokha m'moyo wako tseka pakamwa

07:10 Luckness: akuti ndikanena alanda foni ino, paja anandipatsa ndi alamu

07:11 Tasha: nde wapirira mphindi zingati kkkk

07:11 Luckness: ndikanaphulika

07:12 Tasha: usadandaule ikafera konko imeneyo, nkhani yatha

07:21 Tasha: Lucky

07:21 Tasha: sorry plz usakwiye

07:22 Tasha: voice yako ndinaitsegula pa loud. adadi anali pakhonde akupolisha nsapato amva zonse

07:22 Luckness: TASHA

07:22 Luckness: malume Blasius?? ankhoswe a chemwali Rose??

07:22 Luckness: wandipha. wandikwirira

07:23 Tasha: akuti ndiwapatse foni, yawo ndi yamabatani. paja anali asilikali za mfuti amazidziwa

07:25 Malume Blasius: Luckness, ndine malume ako. Zokalipa tiziona pambuyo. Yankha zimene ndikufunse. Mfutiyo ndi yaikulu bwanji?

07:25 Luckness: mwadzuka bwanji malume

07:26 Malume Blasius: Ndadzuka. Yankha.

07:26 Luckness: yowonda malume ngati mpini wa khasu la mwana. kabowo kake kakutsogolo pensulo singalowe

07:27 Luckness: ndinatola kachitsulo kamene kanagwa pansi alamu atakoka mfuti. ndakamanga pamfundo ya chitenje

07:27 Malume Blasius: Kajambule pafupi ndi mtengo wa machesi.

07:30 Luckness: 📷 chithunzi

07:31 Malume Blasius: Ndimaopa zomwezo. Imeneyo timaitcha tu-tu. Ndi ya nkhanga ndi njiwa. Munthu wanzeru saloza nayo mbawala.

07:32 Luckness: koma alamu akuti mfuti ndi mfuti. akuti ifa yokha pofika masana

07:32 Malume Blasius: Anailasa pati?

07:33 Luckness: paphewa. imathamanga ikukoka mwendo wakutsogolo

07:37 Malume Blasius: 🎤 mawu 1:02
Mvetsera, mwana wa mlongo wanga. Paphewa pa mbawala yamphongo pali fupa ndi mnofu wokhuthala. Kachipolopolo kameneko kamangolowa pang'ono n'kuima. Siifa lero, mwina ndi mawa lomwe siifa. Yakafuna chitsamba chowirira, yagona, ikumva ululu. Mbawala yabwinobwino ikamva munthu imathawa. Yovulala sithawa. Imakudikira ufike pafupi, imaweramitsa mutu, nyanga zija zimalowa m'ntchafu kapena m'mimba. Tili ku usilikali tinanyamulapo mnzathu, chimunthu champhamvu, matumbo titamugwirira ndi malaya. Tsono tandiuza, a Ambrose akaikidwa manda ati?

07:39 Luckness: omwewo malume

07:39 Luckness: mayo ine

07:39 Luckness: adzukulu akalowa mmawa uno kukakumba

07:40 Luckness: ndipo amatsogola ndi ababa. chikwanje m'manja kulambula njira. maliro alionse patsogolo amakhala ndi iwo

07:40 Malume Blasius: Alamu anga a Jimu? Alowa nthawi yanji?

07:41 Luckness: akudikira mchimwene wa malemu achokere ku Ntaja adzaloze pokumba. akuti anyamuka kale pa njinga yamoto

07:46 Malume Blasius: Bambo ako ndawaimbira kawiri. Foni yazima.

07:46 Luckness: ili kotchajitsa kuyambira dzulo

07:46 Malume Blasius: Amayi ako?

07:47 Luckness: alibe foni malume inagwera m'chitsime ija. ali m'nyumba ya siwa ndi anamfedwa satuluka

07:49 Malume Blasius: Godfrey akundidula. Rose sakuyankha. Watsala ndiwe. Pita ukawauze bambo ako asalowe.

07:50 Luckness: malume ndinalumbira

07:50 Luckness: alamu akamangidwa chemwali adzachira ali okha

07:51 Malume Blasius: Kundende munthu amabwerako. Nyanga ikalowa m'mimba sabwerako.

07:52 Malume Blasius: Ine ndi Tasha tikunyamuka pompano, koma Balaka ndi Ngokwe si pafupi. Tisakunamize, sitifika asanalowe.

08:06 Luckness: Tasha foni uli nayo ndiwe?

08:06 Tasha: eya tili pa depoti minibasi ikuchedwa kudzadza

08:07 Luckness: ndapeza nzeru. ndinena za nyama yokha, mfuti ndi alamu osatchula

08:07 Tasha: akukhulupirira? paja iwe mbiri yako

08:07 Luckness: mxm ndiyesa

08:20 Luckness: andithamangitsa 😭

08:23 Luckness: 🎤 mawu 0:51
Ndawapeza pansi pa mango akunola chikwanje, adzukulu anzawo ali pompo akumwa thobwa. Ndagwada bwinobwino, ndati ababa, ndaona mbawala yovulala ikulowa kumanda, musalowe. Akuti yavulala ndi chiyani? Ndati kaya. Akuti waiona uli ndi ndani? Ndati ndekha. A Brighton, mmodzi wa adzukuluwo, aseka mpaka thobwa kutuluka m'mphuno, akuti wailesi yayamba pulogalamu ya mmawa. Ababa akuti, iwe, tambala amene ndinakapepesa naye kwa aphunzitsi chifukwa cha pakamwa pakopo sindinamuiwale, lero ukufuna uyambitse zina pamaliro? Choka, kathandize anzako kutunga madzi.

08:24 Tasha: shame. nkhani ya akazi a aphunzitsi ija inakuonongera zonse

08:24 Luckness: inali yoona theka

08:25 Tasha: theka linalo ndi limene linadya tambala

08:32 Luckness: ndanong'oneza a Monica kophikira. amuna awo ndi mdzukulu, mwina iwo akawauza amva

08:45 Luckness: TASHA zapita kwina

08:45 Luckness: a Monica auza a Clementina kt ndi chinyama chamagazi. a Clementina auza amayi a kwaya kt ndi fisi. pano mudzi wonse ukuti fisi wa afiti wakadikirira mtembo

08:46 Luckness: ine ndinati MBAWALA

08:46 Tasha: nde ukuona mmene zimayendera

08:46 Luckness: usandiphunzitse pano

08:47 Luckness: azibambo m'malo moopa akuti tiyeni tikamuone fisi wakeyo. ayamba kulimbirana kt atsogole ndani. ababa akuti malo anga salanda munthu

08:53 Luckness: alamu amva. anali pagulu la azibambo, andiyang'ana diso lawo lija kenako anyamuka

08:59 Luckness: chemwali andikoka chitenje akuti wayamba kale. ndati sindinatchule munthu. akuti chifukwa cha iwe Godfrey wati akaimalize yekha anthu asanalowe, asakaipeze ndi chipolopolo m'thupi

08:59 Tasha: akaimalize ndi chani

09:00 Luckness: ndi kamfuti komweko

09:00 Luckness: atenga thumba la feteleza limene amabisamo adzera njira ya kudimba

09:01 Malume Blasius: Ndine Blasius. Walowa?

09:02 Luckness: sindikudziwa malume sakuonekanso

09:03 Malume Blasius: Mnyamata ameneyu watopa ndi moyo. M'chitsamba chowirira iyamba ndi iyo kumuona. Ngakhale ailase kachiwiri siigwa.

09:04 Luckness: njinga yamoto ya ku Ntaja yafika

09:04 Luckness: adzukulu akunyamula makasu

09:05 Malume Blasius: Kachitsulo kaja ukadali nako?

09:05 Luckness: eya

09:06 Malume Blasius: Kaike m'dzanja la bambo ako. Mawu ako awakana, chitsulo sachikana. Ukawauzenso kuti akati alowe asalowe mmodzimmodzi. Alowe pamodzi akumenya makasu, aisiyire mbali yothawira.

09:07 Luckness: chemwali akundiyang'ana malume

09:07 Luckness: akhala pamtondo agwira mimba akungondiyang'ana

09:08 Luckness: sadzandilankhulanso mpaka kufa

09:08 Luckness: anandibereka kumsana amenewa mpaka ndili sitandade 1

09:09 Luckness: malume?

09:10 Luckness: Tasha?

09:11 Luckness: yankhani abale

09:12 Luckness: ababa ali patsogolo

09:12 Luckness: avala malaya a blue aja ndinawachapira dzulo

09:13 Luckness: ndapita

09:29 Tasha: Lucky network inathawa panjira mauthenga ako angolowa onse pano

09:29 Tasha: zili bwanji

09:31 Tasha: Lucky

09:33 Tasha: 📞 foni yosayankhidwa

09:36 Tasha: 📞 foni yosayankhidwa

09:38 Tasha: adadi ayimirira m'minibasi akukalipira dalaivala. plz yankha

09:44 Luckness: 🎤 mawu 1:48
Tasha, tamvera. Ndawapeza pamalire a dimba atatsala pang'ono kulowa. Sindinagwade. Ndaima panjira penipeni patsogolo pa adzukulu, a Brighton akuti mwana uyu wapenga. Ndamasula mfundo, ndatsegula dzanja la ababa, ndaikamo kachitsulo kaja. Ndati ababa, alamu a Godfrey aombera mbawala ndi mfuti mmawa uno ine ndikuona, siinafe, ndipo iwowo ali mkatimo pano. Onse amva, ndi alendo a ku Ntaja omwe. Ababa akayang'ana, akanunkhiza. Kenako akuti aliyense aime pomwe ali. Asanatseke pakamwa tangomva mkatimo pha! pha! Kenako kuuwa kuja. Kenako, Tasha, kukuwa. Sindinamvepo munthu wamkulu akuitana amayi ake choncho. Ababa amafuna athamangire okha, ndawagwira mwendo, andikoka pansi ine osasiya, ndikukuwa kuti malume akuti pamodzi, malume akuti pamodzi. Nde alowa onse asanu ndi atatu pamzere akumenya makasu ndi miyala, mbali ya kumtsinje aisiya.

09:45 Tasha: Mulungu wanga

09:45 Tasha: atuluka??

09:47 Luckness: awatulutsa

09:47 Luckness: Tasha magazi

09:47 Luckness: ntchafu yang'ambika kuyambira pabondo kukwera mmwamba

09:48 Malume Blasius: Wavulala ndani? Tchula dzina.

09:48 Luckness: alamu. ababa ali bwino ndi amene awanyamula

09:48 Malume Blasius: Akulankhula?

09:49 Luckness: akungoti pepani pepani

09:49 Malume Blasius: Pindani nsalu, dinikizani pabalapo ndi manja awiri, mwamphamvu. Osachotsa kuti muone. Ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Asathiremo dothi, masamba kapena china chilichonse. Galimoto ipezeke pompano.

09:51 Luckness: ndawawerengera mokweza. ababa avula malaya a blue aja adinikiza

09:52 Luckness: a Brighton amafuna athire fodya wopera ababa awakankha ndi phewa

09:52 Luckness: akundimvera ine malume. akuti werenganso

09:55 Luckness: galimoto ilipo imodzi yokha, imene yabweretsa bokosi la a Ambrose

09:56 Luckness: chemwali afika akugubuduzika pansi akuti amuna anga sakwera galimoto ya bokosi ali moyo

09:56 Luckness: amayi akuti ukufuna akwere atafa?

09:57 Tasha: eish aunt

10:04 Luckness: anyamuka ulendo wa kuchipatala ku Ntaja. ababa ali kumbuyo manja ali pabala, chemwali kutsogolo

10:05 Malume Blasius: Titsikira pa Ntaja, tikawadikira pachipata. Mfuti ili kuti?

10:06 Luckness: a mpingo aibweza m'thumba lake aitsekera m'nyumba ya mkulu wa kwaya. palibe akufuna kuigwira

10:06 Malume Blasius: Ikhale momwemo.

10:15 Tasha: nanga mbawala

10:24 Luckness: 🎤 mawu 0:58
Yatulukira mbali ya kumtsinje ija. Osathamanga iyayi, kuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, nyanga imodzi ili yofiira. Yadutsa dimba lonse anthu tikuonerera, yafika pa mbatata zomwe zija, yagwada, yagona. Koma osafa, Tasha. Ikupuma, ikutiyang'ana, maso ake ngati a mwana wa ng'ombe. Azibambo aipanikiza nyanga ndi mitengo, a Abdulrazak oyandikana nawo dimba aja abwera ndi mpeni, anena mawu awo a pemphero, aimaliza. Akuti cholengedwa cha Mulungu sichizunzika chonchi kuyambira mmawa.

10:26 Luckness: ndapita pafupi kukaona

10:26 Luckness: mabala atatu. paphewa, pakhosi ndi pakhutu. katatu konse alamu sanaphonye

10:27 Luckness: koma timabala take ngati pobaya jekeseni. chala changa chaching'ono sichikulowa

10:27 Luckness: bala la alamu munalowa malaya onse a ababa

10:29 Malume Blasius: Ndi zimene ndimanena. Kamfuti kameneko sikapha nyama yotero, kamangoikwiyitsa. Nyamayo asagawane. Aifunditse masamba, a boma oona za nyama adzaione.

10:31 Luckness: a Brighton anabwera kale ndi beseni malume

10:31 Malume Blasius: Uwauze kuti beseni limenelo akalowa nalo kupolisi.

10:33 Luckness: alibweza

11:02 Luckness: adzukulu alowanso akukumba koma palibe akuimba. akuluakulu akuti maliro akatha pakhala mlandu, mfuti kulira kumanda ndi magazi a munthu wamoyo kugwera pamitumbira sizinachitikepo

11:03 Luckness: anamfedwa akuti a Ambrose anali munthu wa mtendere lero aikidwa ngati kunkhondo

11:10 Luckness: aliyense akundiitana. Lucky tabwera, Lucky tatiuza unaona chani. a Monica andisungira mpaka chiwindi cha nkhuku

11:10 Tasha: tsiku lako lafika nde

11:11 Luckness: sindikufuna

11:11 Luckness: ndabisala m'khitchini mwathu

11:34 Tasha: afika. alowa nawo mkati akuthamanga. a Jimu ali ndi vesti yokha magazi mpaka m'zigongono

11:35 Luckness: ali moyo?

11:35 Tasha: maso ali otsegula

11:36 Luckness: chemwali?

11:37 Tasha: akhala pansi pakhonde. ndawapatsa moni ayang'ana kumbali

11:52 Luckness: kuli bwanji

12:15 Luckness: Tasha

12:41 Tasha: awasoka. adokotala akuti nyanga inalambalala mtsempha waukulu pang'ono chabe, akuti amene anadinikiza uja ndi amene wawapulumutsa

12:42 Luckness: 😭😭😭

12:44 Tasha: koma Lucky

12:44 Tasha: adadi alowa akambirana ndi a Godfrey kenako apita okha kupolisi. abwera ndi wapolisi wakhala pampando pafupi ndi bedi

12:45 Luckness: amangidwa?

12:46 Malume Blasius: Akachira akayankha mlandu wa mfuti ndi wa nyama. Ndamuuza pamaso kuti kuli bwino tikanene tokha kusiyana n'kuti adzatipeze. Mudzi wonse waona, zobisa zatha. Rose ndi mwana wanga, sadzachira ali yekha.

12:48 Luckness: chemwali akuti chani

12:55 Tasha: anangofunsa adadi kt munadziwa bwanji inu muli ku Balaka

12:55 Tasha: kenako a Rose anayang'ana foni yanga

14:38 Luckness: maliro aikidwa

15:20 Luckness: galimoto ija yabwera. ababa atsika ndi chemwali

15:24 Luckness: ababa andipeza pakhomo la khitchini. ndimaganiza kt ndi mbama. aima, andiyang'ana nthawi yaitali

15:24 Luckness: akuti wailesi, wadya?

15:25 Luckness: ndalira ngati mwana Tasha mamina ndi misozi

15:26 Tasha: ndikuliranso kuno anthu akundidabwa

15:33 Luckness: chemwali akulongedza zofunda ndi ndowa abwerera konko. ndawatengera sopo ndawaikira m'ndowa, amuchotsa amuika pansi

15:36 Luckness: akubwera kuno

15:37 Luckness: atambasula dzanja

15:37 Tasha: akufuna chani

15:37 Luckness: foni

15:38 Malume Blasius: Uwauze kuti ndinakukakamiza ndine. Akwiyire ine.

15:39 Luckness: iyayi malume

15:39 Luckness: nthawi imene ija inu munalibe network

15:39 Luckness: ndinapita ndekha

15:41 Tasha: Lucky dikira adadi akufuna alankhule nawo

15:42 Tasha: 📞 foni yosayankhidwa

15:58 Tasha: tigona kuno ku Ntaja, mawa mmawa tifika. ndakugulira mandasi a pamsika aja umawakonda

16:30 Tasha: 📞 nambala sikupezeka

17:05 Tasha: Lucky?